Chopotokola cha mayi Dagny

Lolemba, 3 Marichi
Ndani analamula kuti ampu yamakono, bokosi lokuzira mawu a nyimbo, isakhale ndi chopotokola chokwezera ndi kutsitsira mawuwo? Pano pa kampani yopanga maampu onse amangoti eya: bokosi losalala, osaboola, zonse pa foni. Ndawafunsa a Preben, bwana wathu. Akuti, "Asta, wabwera dzanadzanali, lero ukufuna kutiboolera mabokosi?" Onse kuseka. Ine sindinapite ku yunivesite kuti ndizingomanga masikuluwu.

Lachiwiri, 4 Marichi
Kunabwera mayi Dagny, amene amaphunzitsa okalamba kuvina ku holo ya ku Nørresundby. Abweza ampu yathu. Maso ayamba kuwavuta, timalemba ta pa foni sakutiona. Sabata yatha amati atsitse nyimbo, iyo n'kukwera, mpaka ena ovala zothandizira kumva anatuluka atatseka makutu.

"Ine ndinazolowera kugwira ndi zala, mwanangu. Zikakanika Lachinayi lino, gululi ndilisiya." Amanena akuseka, koma chikwama atachifinya.

Ndawachonderera a Preben kuti ndiike chopotokola pa ampu ya mayiwo. Akuti ndiyese, koma mawaya atulukire kumbuyo. Kuboola ayi.

Lachitatu, 5 Marichi
Ndawotcherera pa bolodi ya m'kati mwa ampu chopotokola chachikulu ngati chivundikiro cha botolo, ndi switchi: m'mwamba nyimbo, m'munsi maikolofoni. Ndalumikiza laputopu, ndaiuza bolodi ntchito ya chilichonse. Yamvera! Ndikanakhala ine mwini kampani, mabokosi onse akanatero.

Lachinayi, 6 Marichi
Manyazi.

Ku holo kuja anthu aima awiriawiri, nsapato zopukuta bwino. Mayi Dagny apeza chopotokola osayang'ana, apotokola. Zii. Apotokolanso. Zii. Pamenepo ndakumbukira: dzulo zimagwira chifukwa laputopu inali yolumikiza. Zimene ndinaiuza bolodi sindinazisunge mu kachipu kake kokumbukira. Nditazimitsa magetsi inaiwala zonse. Laputopu nayo ndinaisiya ku ntchito.

Bambo wina: "Mtsikana, imba ndiwe, ife tivine!"

Amene anaimba ndi mayi Dagny, pakamwa, akuwomba m'manja, mpaka mawu kusasa. Ine pakona, kufuna kulowa pansi. Potuluka andigwira dzanja. "Zala zanga zinachipeza zokha. Chikangolankhula basi. Ndidikira Lachinayi linalo, koma pakhosi panga sipapiriranso kawiri."

Lachisanu, 7 Marichi
Ku ntchito kuno wolakwitsa amabweretsa keke, palibe kuzemba. Ndagula ya sinamoni. A Preben adya zidutswa ziwiri. "Yokoma. Uzilakwitsa pafupipafupi."

Masana ndangoona aika chobowolera pa tebulo langa. "Mawaya olendewera aja mayiwo adzakodwa nawo. Bowo likhale lowongoka, wamva? Ndi bokosi lawo lokha, usatengeke."

Lokha, akutero. Tiona.

Ndasunga mu kachipu. Ndachotsa laputopu, ndazimitsa, ndayatsa. Ndatsinzina, ndafufuza chopotokola ndi zala monga amachitira iwo. Nyimbo yakwera pang'onopang'ono, yatsikanso.

Kenako ndalemba kadontho pakati pa bokosi losalala lija, ndaboola.