Anandicheka ndili maso

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Majaua tilipo ndithu. Chibwerereni kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo wa ku Malawi kuja, chaka chino ndiye takolola ngati anthu. Chimanga chadzaza nkhokwe, nandolo nayenso wabereka, ngakhale mbuzi za aneba athu a Zakeyu zinatidyera mizere iwiri ndipo eni ake mpaka lero akuumirira kuti ndi anyani. Mpongozi wanu Rozina anachira mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu, kusafuna kudikira nakonso ndi kwanu.

Koma chimene ndakhalira pansi ndi nkhani ya thupi langali. Pomanga nyumba pabwinja lathu lija ndinasenza njerwa mopitirira, ndiye panatuluka chotupa m'munsi mwa mimba, pamalo poti mwana wamwamuna satchulira mayi ake. Khasu ndikakweza kawiri ndinkakhala pansi. Kuchipatala ku vila, kutauni kuja, anati matumbo akutsikira pamenepo, pakufunika mpeni. Nditamva choncho ndinakumbuka inu. Inu paja munalowa m'chipinda cha opaleshoni mukuyankhula bwinobwino, anakugonetsani, simunadzukenso. Mumtima ndinangoti nanenso akandigonetsa ndiye basi, Rozina atsala yekha ndi khanda.

Anamwino anandiuza kuti tsikulo ndisalawe kanthu chidzukireni. Koma achemwali anga a Joana mukuwadziwa. Anafika m'mawa panjinga, fumbi lili mbuu, atamanga chinangwa chophika m'kansalu.

"Iwe Domingu, idya msanga asanakuwone. Amayi akanakulola kupita kumpeni wopanda kanthu m'mimba?"

Ndikanakana bwanji? Pakhomo panu munthu sankanyamuka ulendo ndi njala. Ngakhale tsiku lothawa nkhondo lija munatidyetsa mbatata tili chiimire, mfuti zikumveka kutsidya kwa dambo, mukuti, "Mezani kaye, kuthamanga muthamanga." Ndiye ndinapita kuseri kwa khoma n'kumeza zidutswa zitatu ngati wakuba.

Atandiitana ndinakumana ndi bambo wina wamfupi, wa imvi, amene ntchito yake ndi yogonetsa anthu opita kumpeni. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kuchibwano.

"Papá, mwadya chiyani?"

"Palibe, sinyoro."

"Nanga chinangwa chili kundevuchi chabwera chokha?"

Amayi, manyazi ake! Ndinkayembekeza kuti andithamangitsa, koma anakoka mpando n'kukhala. Anati munthu akagonetsedwa m'mimba muli chakudya, chakudyacho chimatha kubwerera n'kulowa m'mapapo, munthu n'kutsamwa ali m'tulo osadziwa n'komwe. Anandiuza kuti ndikakhale pabenchi mpaka masana, chinangwacho chitsike. Nditamuuza za mantha anga anati, "Kalma, papá, mtima pansi. Inuyo sindikugonetsani. Ndi mofini yemwe, mankhwala amphamvu oletsa ululu aja, sindikupatsani, chifukwa amafooketsa kupuma ndipo inu muli ndi mphumu. Ndingokubayani jekeseni wa dzanzi pamsana, muzimva zonse tikuyankhula."

Zinaterodi. Anandikhazika ndi kundiweramitsa, ndinamva kuboola pang'ono ngati kwa minga. Posakhalitsa miyendo inalemera, inakhala ngati ya munthu wina. Anatchinga nsalu pachifuwa panga. Ndinkamva kuti akukoka china chake, monga mmene Rozina amandikokera bulangete, koma ululu ayi. Bambo uja anakhala kumutu kwanga, chala chili padzanja langa, n'kumandifunsa za kabzalidwe ka nandolo. Ine ndiye ndinamuphunzitsa ndithu, mpaka adokotala amene ankandichekawo anati, "Aphunzitsi, tamaliza." Dzanzi litatha bala linawawa, sindinama, koma mapilitsi wamba onga panado anandithandiza. Pano bala lapola, dzulo ndalima mizere khumi Rozina akundikalipira kuti ndikudzionetsera.

Tsopano pali mawu amene ndakhala ndikuwazungulira chiyambire kalatayi. Ndili pabenchi paja kudikira masana, ndinakumbuka m'mawa wa tsiku lanu. Inunso anakuuzani kuti musadye, chifukwa chake sitinachidziwe, ifenso sitinafunse. Tinangoti ndi nkhanza za kuchipatala. Ine ndinakoleza moto, achemwali anaphika phala n'kuthira nsinjiro, tinalibisa m'nsalu. Amene anagwira supuni ndine, amayi. Munadya lonse, munapukuta pakamwa n'kunena kuti, "Koma ana anga inu mumandikonda."

Tsiku lotuluka ndinamufunafuna bambo uja n'kumufotokozera. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Chimene chinatenga amayi anu sindingachidziwe, sindinalipo. Mwina ndi phalalo, mwina ndi matenda awo. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu sabisira phala munthu amene samukonda." Ndinalira pakhonde pomwepo, bambo wamkulu ndi ndevu zanga, anthu akudutsa.

Achemwali sindinawauze, ndipo sindidzawauza. Iwo akudziwa zoti chinangwa chawo chinandichedwetsa basi, ndipo amaseka akamafotokoza kutchalitchi. Asiyeni aziseka. Ine mtima wakhala pansi tsopano, chifukwa ndanena kwa mwini wake. Ngati linali phala lija, mundikhululukire, amayi. Tinachita zimene munatiphunzitsa, ndipo chiphunzitso chanucho chinatisunga m'njira zonse zimene tinayenda, kupatula pakhomo limodzi lokha lija.

Ndikukulonjezani kuti wa pabanja pathu aliyense akamadzapita kumpeni, kaya ndi Rozina, kaya ndi achemwali amene, ndidzakhala pakhomo la chipatala kuyambira m'mawa. Aliyense wobwera ndi kansalu ndidzamulandira bwino, ndidzamasula kansaluko, ndipo chakudyacho ndidzadya ndine, wodwalayo akuona.

Tsalani mumtendere, amayi. Mupereke moni kwa abambo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Domingu