Sitima yamalasha singakhote pa chitseko changa

Lachinayi, Roysambu, kuno kudziko la eni. Tsiku lothina ngati nsapato yobwereka.

Pagulu lathu la okonda tisitima tatizidole atumiza zithunzi za mitu iwiri ya sitima imene ituluke posachedwa, wamalasha ndi wadizilo. Wamalashawo ndi wakuda bii, wautali, ndipo ukaudonthezera mafuta m'chumuni umafukadi utsi. Ukufanana ndi umene malemu bambo ankaukamba, wa nthawi imene ankagwira ntchito ya njanji ku Limbe. Ndauyang'ana pa foni ndili m'matatu, minibasi ya kuno, mpaka kupitirira siteji yanga.

Kamau, mnzathu wa ku Lavington amene njanji yake inadzaza galaja yonse, wandiimbira. "Bwana Phiri, wamalashawo uiwale. Ndi wautali, pa makona ako othinawo uzingogwa. Dikira wadizilo."

Sakunama. Njanji yanga ndinaikhomera pa chitseko chakale chimene chimakhala kunsi kwa bedi. Ndayeza chipinda ndi chingwe. Kuti makona akule, kabedi ka Tadala kayenera kutuluka.

Mayi a Tadala andipeza nditagwada, chingwe kumanja. "Bambo a Tadala, mwanayu azigona pakhonde kuti sitima yanu ikhote?"

Tonse tatopa. Chilolezo changa cha ntchito sichinatulukebe, ku ofesi amangoti kesho, kutanthauza mawa, ndiye sitingayerekeze kupita kumudzi.

Ndasolola chitsekocho n'kuyatsa kadizilo kanga kakale. Kanyamuka pa siteshoni imene ndinailemba kuti Limbe, kazungulira, kafikanso pa Limbe. Mayi a Tadala anangoima pakhomo, akupinda zovala.

"Bola iko," anatero, "kamafikako kwathu."