Sanali a Edson, Achimwene

Khonjeni, Thyolo
14 Julayi

Okondedwa achimwene a Isaiah,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Kate ndi ana onse. Mwendo uja ukukusungani bwanji m'nyengo yozizira ino? Ndimamva kuti ku Mzuzuko kuzizira kwake n'kosaseka nako. Kuno tilipo. Chiperoni chatikhalira sabata yathunthu, ndipo m'minda ya esiteti akudulira tiyi, moti othyola ambiri angokhala pakhomo.

Mudabwa kuti ndalemba kalata chikhalirecho foni ndili nayo. Ndinakuimbirani kawiri, koma ikangoyamba kuitana ndinkadula. Mpaka lero ndikamalankhula pafoni ndimamva ngati pali munthu wachitatu akumvetsera. Mwana wanga Zikani ankandiseka, koma wasiya kuyambira pamene mnzake anakafunsidwa ndi apolisi za mawu amene anatumiza pagulu lawo la pafoni. Ndiye kalatayi ndapatsira a Gracious, aja amagulitsa nthochi, kuti akupatseni m'manja.

Uthenga wanu unandipeza. Mwati simukhala nkhoswe pa ukwati wa Zikani ndi Daisy, chifukwa Daisy ndi mdzukulu wa malemu a Edson, ndipo magazi a kazitape salowa mu mbumba yanu. Mwana wanga akungopita kuntchito n'kubwera ngati mlendo m'nyumba mwake. Inu ndinu malume ake, ndipo iye wanena kuti popanda inu sakwatira.

Achimwene, ngati mwaima khalani pansi. Amene anakuperekani kwa apolisi sanali a Edson. Ndinali ine.

Mukumbukira kuti mu 1987 ndinali nditangoyamba ntchito yotayipa mu ofesi ya esiteti. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Tsiku lina masana kunabwera bambo wina wovala jekete lotuwa, n'kundiitanira kuseri kwa sitolo ya feteleza. Dzina lake sananene, koma langa ankalidziwa, la amayi ankalidziwa, ngakhale nyimbo yomwe kwaya yathu inaimba Lamulungu lapitalo.

Anati akudziwa kuti amalume amene anathawa nkhondo ku Mozambique tikuwasunga m'nyumba osawalembetsa. Anati iyeyo atangolemba mzere umodzi kuti tikubisa msilikali, banja lonse lipita kumene anthu sabwerako msanga. Kenako anandipatsa kope laling'ono lofiira. Anati ndizilembamo zimene anthu akulankhula, ndipo Lachisanu lililonse azibwera kudzawerenga.

Masabata asanu ndinalemba zopanda pake. Ndinalemba kuti amayi othyola tiyi akudandaula kuti sikelo ikuwabera, kuti mlonda wina amagona pantchito. Lachisanu lachisanu ndi chimodzi anandiponyera kopelo pamapazi. Anati, "Iwe mtsikana, ukundiyesa mwana mnzako? Sabata yamawa ukabwera ndi zinyalala zomwezi, ndikatenga amayi ako."

Loweruka lotsatira ndi lija munaseketsa anthu pakhonde pathu. Alamu athu, akazi a mbale wathu a Ben, anali atangogulitsidwa mokakamiza makhadi awiri a chipani, lawo ndi la mwana wa m'mimba. Inu munati posachedwa mbuzi nazonso zizionetsa khadi zisanalowe m'khola. Tonse tinaseka, amayi mpaka kupukuta misozi. A Edson analipo, anabwera kudzabwereka pampu ya njinga. Iwo anali akapitawo komanso apampando a nthambi ya chipani, ndipo sanaseke. Anangotenga pampu n'kumapita.

Mawu anu aja ndinawalemba m'kope. Dzina sindinalembe. Ndinadziuza kuti ndi nthabwala chabe, bamboyo aseka n'kundisiya. Sanaseke. Anandifunsa kuti wanena zimenezi ndani, ine n'kuti mphunzitsi wina. Achimwene, pasukulu ya esiteti aphunzitsi aamuna munalipo awiri okha, ndipo winayo anali nkhalamba yosatha kuseketsa ngakhale khanda.

Lachiwiri anakutengani m'kalasi, ana akuona, choko chili m'manja. Ine ndinali pawindo la ofesi pamene galimoto inadutsa. Ndinapitiriza kutayipa.

Madzulo ake anthu anayamba kunong'ona kuti ndi a Edson, poti ndi iwo okha amene sanaseke. Amayi anakhulupirira. Ine ndinakhala chete, ndipo kunena zoona mtima unakhalako pansi kuti mlandu wapeza mwini wina.

Zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri munakhala m'ndende popanda kuzengedwa mlandu. Amayi anamwalira akukuitanani. Munabwera mukutsimphina, khutu limodzi litagontha, ndipo amene anakusambitsani zilonda ndine. Munandiuza kuti ndine ndekha amene mumamukhulupirira padziko lino. Pamenepo ndi pomwe ndikananena. Ndinangofinya kansalu m'beseni.

Zinthu zitasintha m'dziko, mkwiyo wa anthu unagwera a Edson. Anawadulira nthochi zonse m'dimba. Kutchalitchi benchi yawo inkakhala yopanda anthu. Ana awo ankatchedwa ana a makutu. Pamaliro awo adzukulu okumba manda anachita kupemphedwa katatu. Ine ndinapita, ndinatunga madzi, ndipo anthu ananditama kuti ndine Mkhristu wokhululuka.

Sabata yatha ndinapita kwa a Magdalena, akazi a malemuwo, kukawauza kuti mwakana. Ndinawapeza akusenda nandolo, maso awo saonanso bwino. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anandifunsa kuti, "Nanga iwe Dora, wati chiyani kwa achimwene akowo?"

Ndinati ndilibe mphamvu, mwini mbumba walankhula. Iwo anaika lichero pansi. Anati amuna awo anandiona kangapo kuseri kwa sitolo ya feteleza ndi bambo wa jekete uja, kope lili m'manja. Anadziwa kuyambira tsiku loyamba. A Magdalena anawachonderera zaka zambiri kuti aulule, makamaka nthochi zija zitadulidwa, koma iwo ankakana. Ankati iwo ndi mwamuna wamkulu, anagulitsadi makhadi mokakamiza ndipo anthu ali ndi chifukwa chowada, koma mtsikana uja akamutchula dzina, abale ake omwe amutaya.

A Magdalena anati, "Amuna anga anakusenzera katundu mpaka kumanda, ndipo ine ndinawalonjeza kukhala chete. Koma sindinalonjeze kuti Daisy nayenso asenze."

Ndinabwerera kunyumba osaona njira. Zikani ndamuuza dzulo. Anangotuluka, ndipo m'mawa uno wandipatsa moni ngati mmene amapatsira anthu a pamsewu.

Sindikulemba kuti mundimvere chisoni. Ndinali mwana ndipo ndinkaopa, inde. Koma mantha aja anatha kalekale, ine n'kukhalabe chete zaka makumi atatu, chifukwa ndinkafuna kuti muzindikondabe. Tchimo limenelo palibe wa jekete amene anandikakamiza.

Lamulungu likubwerali ndapempha abusa kuti andipatse mpata mapemphero akatha. Ndikaima pamaso pa mpingo, a Magdalena ali pompo, ndikanene zonsezi. Ndichita zimenezi kaya mwandiyankha kaya simunandiyankhe.

Chopempha changa ndi chimodzi. Bwerani mudzaimire Zikani. Daisy ndi mwana wabwino, ndipo agogo ake anali munthu woposa ine. Ngati nkhope yanga simufuna kuiona, tumizani mawu kudzera mwa a Gracious. Tsiku la chinkhoswe ndidzapita ku Bvumbwe kwa azakhali, ndikakhale komweko mpaka mutabwerera. Ndi bwino mwana wanga akwatire mayi wake palibe kusiyana n'kuti alephere kukwatira chifukwa cha bodza la mayi wake.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Kate, kwa ana anu Stacy ndi Reginald. Mukafuna kuwawerengera kalatayi, awerengereni yonse, osadumpha. Mulungu akusungeni ndipo akupatseni mphamvu m'mwendomo.

Ndine mlongo wanu, ngati mungalolebe kunditcha choncho,

Dora