Mfundo ya pa chitenje chanu chobiriwira

Amayi, mwadzuka bwanji kumene muliko? Kuno ku Golomoti tikupuma ndithu. Mpunga wa ku Bwanje tamweta, ngakhale mbalame zinatenga gawo lawo. Mkazi wa mwana wanu Yohane wachira, mwana wamkazi. Amupatsa dzina lanu, koma ine sindinalulutire, chifukwa ndidakali nanu mkwiyo.

Paja ku chipatala ku Lilongwe adokotala ananena zomveka. Timiyala tinatseka njira ya ndulu, n'chifukwa chake maso anu anachita chikasu, ndipo anati alowetsa kapaipi pakamwa kuti akatichotse. Anachenjezanso kuti kapaipiko nthawi zina kamatupitsa kapamba, choncho musanalowe mulandire kaye kamankhwala koteteza, kolowetsa kotulukira chimbudzi. Namwino anali wamwamuna. Inu munati, "Patseni kuno bambo, ndiika ndekha. Ndabereka asanu ndi awiri ine, mwamuna wachilendo sanandionepo."

Ndinakutchingirani ndi nsalu n'kuyang'ana kukhoma, poti mwana saona thupi la mayi ake. Munati, "Zatheka." Ndinakukhulupirirani.

Timiyala anachotsadi. Masana ake munayamba kupindika, ululu wochokera pachifu mpaka kumsana, koma namwino akafunsa munkati palibe kanthu. Inu amene munkatiuza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko! Tsiku lachinayi tinabwera nanu m'bokosi.

Pogawa zovala zanu, ine ndinapatsidwa chitenje chobiriwira chija. Pa ngodya panali mfundo, pomwe munkamanga fodya wanu. Nditamasula ndinapeza kamankhwala kaja, kosatsegula n'komwe. Sindikudziwa ngati kakanakupulumutsani, amayi, adokotala sanalonjeze zimenezo. Koma munandinamiza ndili chiimire pambali panu, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Ndinakamanganso pa mfundo pomwepo n'kubisa chitenjecho m'sutikesi kuti anthu asakusekeni m'manda, ndipo mudzi wonse umangoti paipi ya ku Lilongwe ndiyo inakuphani inu Nangozo.

Tsopano imvani. Mwana wanu Eneles maso ake achita chikasu, thupi likumuyabwa, mkodzo wake ngati tiyi wopanda mkaka. Ku chipatala cha ku Mua amulembera kalata yopita ku Lilongwe konkuja. Wakana. Akuti, "Achemwali, bola ndifere pa mkeka wanga kusiyana ndi paipi inadya amayi ija." Wakakamira ngati inu nomwe, ndipo ali ndi ana atatu.

Ndiye mawa ndinyamula chitenje chija ndikamasule mfundoyo pamaso pake. Ulemu wanu ndausunga zaka ziwiri, wakwana. Akavomera ndipita naye ndekha, ndikamugwirira nsalu monga ndinachitira ndi inu. Koma ulendo uno sindiyang'ana kukhoma.

Mundikhululukire, kapena musandikhululukire. Ndimakukondanibe.

Ine mwana wanu woyamba,
Felesita