Amayi Sanasutepo Fodya

Wokondedwa mzime wathu,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli moyo, pamodzi ndi alamu anga ndi khanda lanu. Kodi msana uja unasiya kukuvuta? Ine ndi ana tili bwino, bambo awo nawonso akutha kupita kuntchito. Koma kwa makolo athu sikuli bwino. Pa foni ndinalephera kukuuza.

Chifuwa cha amayi chija si chimfine ayi. Tinkayesa chifuwa chachikulu, koma atayeza makhololo sanapeze kanthu. Kenako anawajambula. Tsiku lokamva zotsatira tinalowa nawo ine ndi abambo. Abambo anaima chapakhomo, atanyamula kachikwama ka amayi.

Adokotala anafunsa amayi kuti anayamba liti kusuta. Amayi anaseka mpaka kutsokomola, n'kuyankha kuti chibadwire ndudu sanaiikepo pakamwa. Ndiye adokotala anafunsa ngati pakhomo pali wosuta. Abambo anangoyang'ana nsapato zawo.

Ndi khansa ya m'mapapo, mlongo wanga, ndipo akuti inafalikira kale. Atipatsa mankhwala ochepetsa ululu n'kutiuza kuti tikawasamalire kunyumba. Iwe ndiwe munthu wamkulu, ukudziwa tanthauzo lake.

Shopu ya utelala ija ukuikumbukira: kachipinda kamodzi, zenera lotsekeka ndi mipukutu ya nsalu, abambo pa makina ndudu ili pakona pa mlomo, amayi pa kampando pambali pawo akusokerera mabatani ndi kupinda masiketi. Kuyambira ine ndisanabadwe akhala moteromo, m'mawa mpaka madzulo. Makasitomala ankadandaula kuti madiresi awo akununkha fodya, ife n'kumaseka. Za mapapo a amayi panalibe anaziganizira.

Titafika kunyumba abambo anatulutsa paketi m'thumba, n'kukaiponya m'chimbudzi. Sanasutenso. Ulusi ukukana kulowa pa singano, poti ndi amayi ankawalowetsera. Dzana ndinawapeza akukwecha makoma a shopu ndi sopo, madzi akutsika achikasu ngati tiyi. Ndinawauza kuti apume. Anandiyankha kuti ankaganiza kuti fodyayo akupha iwo okha, ndipo ankaona kuti imeneyo ndi nkhani yawo. Atatero anapitiriza kukwecha.

Amayi sawaimba mlandu. Akuti iwo anasuta zaka zonsezi ulere, osagulako ndi ndudu imodzi yomwe. Amanena nthabwala imeneyi alendo akabwera, koma abambo akaimva amatuluka panja.

Aonda kwambiri. Mphete yaukwati ikuvuka yokha, ndiye aimangirira pa kachingwe m'khosi. Kuchoka pa bedi kufika pakhonde amapumira panjira, atagwira khoma. Amagona chokhala, titawatsamiritsa mapilo, chifukwa akagona chagada mpweya umawathawa. Nthawi zina m'mpango mumakhala magazi, ndipo amaubisa pansi pa pilo kuti abambo asauone.

Tsopano ndifike pa chimene andituma. Lamulungu lapitali pamene umalankhula nawo pa foni, anamva mwana akutsokomola, kenako anamva iwe ukukhwatcha machesi. Makutu awo sanadwale. Utadula foni anandifunsa ngati nyumba mukukhalayo idakali ya chipinda chimodzi chija. Ndinati inde. Analira, mlongo wanga. Kwa adokotala sanalire, koma tsiku limenelo analira.

Akuti ndikuuze kuti sakukukalipira. Akudziwa kuti unaphunzirira kusuta pa zotsalira za ndudu za abambo pansi pa makina, ndipo akudziwa kuti kusiya n'kovuta, akuona mmene abambo akuvutikira. Koma akuti mkazi wako sadzakuuza kuti utsi ukumupweteka, monga iwonso sananene, ndipo khanda silitha kutsegula chitseko n'kutuluka. Kusutira pazenera sikuthandiza, utsi umabwerera, umakhalira m'mabulangete ndi m'malaya amene umamunyamulira mwanayo.

Inenso ndikukupempha. Pita kuchipatala cha kufupi nawe ukafunse thandizo losiyira, ndipo mwanayo akamuone chifuwacho. Usadikire mawa.

Amayi akumusokera mdzukulu wawo kadiresi pamanja. Amasoka pang'ono, n'kupuma. Akamaliza tsikulo amandipatsa kuti ndikakasunge kwanga, akuti m'nyumba mwawo chilichonse chimanunkha fodya. Katsala mkono umodzi. Anandifunsa ngati ungapemphe tchuthi mwezi uno, osati wamawa, kuti adzamuveke okha. Sindinawalonjeze kanthu. Ndinangoti ndikulembera.

Undiperekere moni kwa alamu, uwauze kuti ndikuwakumbukira m'mapemphero. Mwanayo umupsompsone m'malo mwanga. Abambo akuti moni, ndipo akuti ukabwera ali nawe mawu, awiriwiri.

Mulungu akusungeni nonse, akupatsenso mphamvu.

Ndine mlongo wako,
Chisamba cha amayi