Dzanja la Bambo ndi Mapiritsi Anga

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti mukudzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ndilipo, chimfine chokha ndiye chinandigwira sabata yatha, koma chandisiya.

Kalata yanu ndinaiwerenga kawiri ndili kuntchito. Mwati dzanja lamanja la bambo layamba kunjenjemera, moti ulusi akuchita kuwalowetsera pa singano ndi amayi, ndipo kolala ya shati ya aphunzitsi anaisoka mokhota mpaka kuiphwasula katatu. Inu mwati ndi ukalamba. 

Pali chimene simukuchidziwa. Mapiritsi oyera amene bambo amamwa aja sanawalandire kuchipatala kwanuko. Ndi anga. Adokotala anandilembera chaka chatha atapeza kuti mafuta achuluka m'magazi mwanga. Nditabwera patchuthi, bambo anadandaula kuti mtima ukumawathamanga, nati poti ndinafika ku yunivesite, ndiwagawireko zimene ndikumwazo. Ndinachita manyazi kuwakumbutsa kuti ndinaphunzira zoyeza malo, osati za matenda. Ndinawasiyira mabokosi awiri, ndipo kuyambira pamenepo ndikalandira anga ndimagawa pakati n'kuwatumizira.

Lachitatu ndinakaulula kwa adokotala angawo. Anavula magalasi n'kundifunsa ngati nawonso magalasi ndingawabwereke bambo osawayezetsa maso. Kenaka anandifotokozera modekha kuti ofufuza sanamvane chimodzi. Ena akukayikira kuti mankhwalawa angakhudze mitsempha yoyendetsa thupi, ena sanapeze umboni wake, komanso kunjenjemera kuli ndi zoyambitsa zambiri. Anati asanawaone bambo sanganene kanthu. Ndinatuluka m'chipindamo osadziwa ngati ndawapweteka bambo kapena ayi, ndipo mpaka lero sindikudziwa.

Pempho langa ndi limodzi. Muwaperekeze kuchipatala sabata ino, ndipo mutenge mabokosi onse, ngakhale otha aja amene akusungiramo mabatani. Zoti asiye kumwa kapena apitirize akanene ndi adokotala, osati ine. Akakafunsidwa amene anawapatsa, ndikuwadziwa bambo, akati anagula okha pofuna kundibisa. Musakawalole. Mukanene kuti ndinawapatsa ndine, komanso kuti amwa miyezi isanu ndi inayi osayezedwa magazi.

Mundiperekere moni kwa amayi, azakhali, alamu ndi ana onse. Bambo ndiwalembera ndekha mukabwerako kuchipatala. Lero ndayesa, koma ndalekeza pa moni.

Tsalani bwino,
Ine mlongo wanu wamng'ono