Likodzo la Alamu Anu

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Chinsapo ana ali bwino, koma alamu anu ayi.

Mwezi watha anayamba kukodza magazi. Ine ndinapsa mtima, ndinkati matendawa awatenga kwa akazi oyendayenda, mpaka ndinaitanitsa ankhoswe. Kuchipatala anati ndi likodzo, lochokera ku nkhono za m'madzi osayenda a damu lalikulu lija amakaphako nsomba. Manyazi anandigwira, achemwali.

Mankhwala amwa, ndipo adokotala anawaletsa kulowanso m'madzimo. Alamu anuwo anangondifunsa kuti, "Nanga ana adya chiyani?" 

Chonde muwafunsireko ntchito kumeneko, ngakhale yaulonda. Mulungu akusungeni, nafenso muzitipempherera. Lero m'mawa ukonde wawo ndawasenzera ndine mpaka kumsewu wopita kudamu konkuja.

Ine mng'ono wanu,
Esinati